Musagule Nyumba Yopanda Khomo

Ana anga, m'dilowa ya tebulo langa la ntchito muli kabolodi kakuda. N'kakang'ono, kongodzaza chikhatho. Kanafa kalekale. Sikadzadzukanso. Komabe sindikataya. Mwana aliyense wobwera kudzaphunzira kukonza makompyuta pa shopu yanga, tsiku loyamba ndimamutsegulira dilowayo n'kumupatsa kabolodiko kuti akagwire. Kenako ndimamuuza kuti m'menemo muli mawu a amayi anga.

Amadabwa. Inunso mwadabwa. Khalani pansi, mumve.

Kabolodiko ndi motherboard ya laputopu yomwe ndinagula ndili kale ndi imvi. Sindinali mwana. Ndinali nditakonzera anthu makompyuta zaka zambiri, ndipo manja anga ankadziwa m'mimba mwa kompyuta kuposa mizere ya m'munda mwanga. Koma maso anandinyenga. Ndinaiona m'manja mwa bwana wina wa mu ofesi. Yopyapyala ngati kope la mwana wa sukulu, yopepuka, yonyezimira. Mtima unati, anthu akakuona nayo adzadziwa kuti ndiwe katswiri. Ndalama zinalipo, koma zinali za malata. Tinazisonkhanitsa ndi mayi a kunyumba, pang'onopang'ono, tikudzimana. Iwo anandifunsa funso limodzi lokha: "Abambo, nanga ikadzawonongeka mudzaikonza nokha?" Ine ndinayankha mopupuluma: "Amayi, zamakonozi siziwonongeka wamba." Sindinaitembenuze n'komwe kuti ndione kunsi kwake. Sindinafunse. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo ndinalidya ine pamodzi ndi ana anga.

Inagwira ntchito bwino, sindinganame. Chaka chinatha, china chinatha. Tsiku lina magetsi anathima masana, ine n'kuisiya pa tchaja kupita kukadya. Pobwerera, magetsi aja anabwera ndi ukali. Kachipangizo kamodzi, kochepa ngati njere ya mapira, kanapsa pa motherboard. Kamodzi kokha.

Ikanakhala kompyuta wamba, ndikanamasula masikuluwu, kuzula disiki, kuilumikiza ku kompyuta ina, ndipo tiyi asanazizire zonse zikanaonekera pa sikirini. Ndinali nditachitira anthu ambirimbiri zimenezo. Koma yangayi nditaitsegula, movutikira, ndi sikuludiraiva yobwereka chifukwa mitu ya masikuluwu ake inali yachilendo, ndinapeza kuti mulibe choti n'kuzula. Posungira zinthu anawotcherera pa bolodi. RAM anaiwotcherera pa bolodi. Batire analimata ndi guluu. Zonse thupi limodzi. Chimodzi chikafa, maliro ndi a onse.

Munali kaundula wa ngongole za makasitomala anga, ndipo ambiri mwa iwo anaiwala mwadala atamva kuti kaundula wapita. Zimenezo ndinapirira. Koma munalinso zithunzi za amayi anga za chaka chawo chomaliza. Munali mawu awo omwe ndinajambula usiku wina tili pakhonde, akufotokoza komwe makolo athu anachokera, akutchula mayina a agogo mmodzimmodzi. Sindinakopere kwina kulikonse. Ndinkati ndidzachita mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu. Denga linapitiriza kudontha madzinja ena awiri, ana akusuntha mphasa pakati pa usiku pothawa madontho. Mayi a kunyumba sanandikumbutsepo funso lawo lija ngakhale tsiku limodzi, ndipo chete wawoyo anandipweteka kuposa mawu.

Dzina la kampani yomwe inapanga laputopuyo sinditchula. Ambiri amapanga motero masiku ano, ndipo palibe anandikakamiza kugula. Akuluakulu amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine sindinamange. Ndinachita kugula.

Ndiye mverani. Musagule kompyuta yomwe simungathe kuitsegula. Ndibwereze, chifukwa ndikudziwa kuti maso anu ali kale pa yonyezimira ija: musagule kompyuta yomwe simungathe kuitsegula.

Taganizani za njinga. Bwanji njinga ya kabaza imanyamula anthu ndi matumba a makala zaka ndi zaka osatopa? Si chifukwa choti siwonongeka. Imawonongeka tsiku ndi tsiku. Koma tcheni chikaduka, pansi pa mtengo wa mango pa msika uliwonse pali wokonza. Sipoko ikathyoka mumagula sipoko imodzi. Palibe munthu wanzeru zake amene amataya njinga chifukwa chubu chaphulika. Zimatheka chifukwa opanga njinga anagwirizana miyeso, moti sipeya yopangidwa ku India imalowa pa njinga yopangidwa ku China.

Kompyuta yomangidwa bwino ili chimodzimodzi. Ndi ziwalo zosiyana, chilichonse pa ntchito yake. Pulosesa imawerengera. RAM ndi tebulo logwirirapo ntchito ya nthawi yomweyo. Disiki ndi nkhokwe. Power supply imalandira magetsi a pakhoma n'kuwachepetsa kuti asaphe zinzake. Motherboard ndi bwalo lomwe zonse zimakumanapo. Chilichonse chili ndi pake polowera, ndipo polowera pomwepo ndi potulukira. Chikafa, chimazulidwa chokha. Chikachepa mphamvu, chimasinthidwa chokha. Ufulu wa munthu wosauka uli pamenepo.

Musayese kuti zimenezi zinangogwa kumwamba. Anthu anakangana nazo. Mu 1977, ku America, kompyuta ya Apple II inatuluka ndi mipata 8 yolowetsamo makhadi owonjezera. Amene anaipanga, Steve Wozniak, wakhala akufotokoza kuti mnzake Steve Jobs ankafuna mipata iwiri yokha, koma iye anakana. Mkangano wa khomo ndi chipupa unayamba kalelo, m'nyumba imodzi, pakati pa abwenzi.

Kenako pa 12 Ogasiti 1981 kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya munthu payekha, IBM PC. Kagulu kochepa ka akatswiri ku Boca Raton, ku Florida, motsogozedwa ndi Don Estridge, kanapatsidwa nthawi yochepa kwambiri, pafupifupi chaka chimodzi. Nthawi yopanga chilichonse okha panalibe. Choncho pulosesa, Intel 8088, anagula kwa Intel. Pulogalamu yoyendetsa kompyutayo anatenga kwa Microsoft. M'kati anasiyamo mipata isanu. Ndipo anasindikiza buku lofotokoza mmene mawaya onse ayendera, kuti aliyense wofuna kupanga khadi lolowa m'mipatamo apange. Anthu anapangadi. Makampani ena, monga Compaq, anafika popanga makompyuta athunthu oyenda ndi mapulogalamu omwewo. Mitengo inatsika. Ziwalo zinachuluka.

IBM itaona kuti msika ukuchoka m'manja mwake, inayesa kutseka khomo. Mu 1987 inatulutsa makompyuta a PS/2 okhala ndi mipata ya mtundu watsopano, Micro Channel, yomwe wofuna kuigwiritsa ntchito ankayenera kulipira. Makhadi akale sankalowamo. Chaka chotsatira, 1988, makampani asanu ndi anayi anagwirizana n'kupanga muyeso wawo, EISA, wolandirabe makhadi akale. Ogula anatsatira komwe kunali khomo. Mu 2005 IBM inagulitsa bizinesi yake yonse ya makompyuta oterewa kwa Lenovo ya ku China. Mwini nyumba anatuluka, koma nyumba yokhala ndi khomo inatsala, ndipo ndi yomwe ine ndadyerapo moyo wanga wonse.

Mu 1995 Intel inakhazikitsa muyeso wotchedwa ATX. Muyesowu umanena kukula kwa motherboard, mamilimita 305 kwa 244. Umanena pomwe mabowo a masikuluwu akhale, pomwe mipata ikhale, ndi mmene power supply ilumikizidwire. Pambuyo pake panabwera yaing'ono, microATX ya mamilimita 244 kwa 244, ndi Mini-ITX ya 170 kwa 170 yomwe kampani ya VIA inatulutsa mu 2001, koma mabowo ake amagwera pomwepo. N'chifukwa chake bokosi la kompyuta la zaka makumi awiri zapitazo likhoza kulandira motherboard yogulidwa lero. Taganizani zimenezo. Zaka makumi awiri, m'dziko lomwe foni imakalamba m'miyezi yowerengeka.

Ambiri a inu kompyuta yanu yoyamba idzakhala ya kaunjika, yotsika m'maofesi a ku Ulaya, ku America kapena ku Joni. Palibe manyazi pamenepo. Yanganso yoyamba inali yotero. Koma pogula musayambe n'kuyang'ana sikirini. Musayambe n'kusisita chivundikiro. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Itembenuzeni. Onani kunsi. Kodi pali masikuluwu oti sikuludiraiva wamba ingamasule? Muuzeni wogulitsa mwaulemu kuti, "Achimwene, tatsegulani ndione m'kati." Akakana, thokozani, nyamukani. Akatsegula, funsani. RAM iyi imazuka kapena ndi yowotcherera? Pali mpata wina wosagwiritsidwa ntchito? Disiki iyi ndingaichotse? Batire likatha ndingalipeze kuno, kapena mpaka kuitanitsa kunja? Kiyibodi ikafa imasinthika payokha? Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ndalama ndi zanu. Funsani.

Chenjeraninso ndi makompyuta ena a pa tebulo a m'maofesi, timabokosi tating'ono tooneka mwaudongo. Ambiri ndi olimba ndithu, ndipo RAM ndi disiki zimasinthika bwinobwino. Koma makampani ena akuluakulu amapanga motherboard ya maonekedwe awoawo ndi power supply ya pulagi yawoyawo. Power supply ikafa, ya pa msika silowa. Mudzayenda shopu ndi shopu, Limbe yense, kufuna yofanana nayo. Sindikuti musagule. Ndikuti mudziwe chomwe mukugula, ndipo mtengo wake utsike molingana.

Tsopano ndinene mbali yomwe achinyamata safuna kumva. Walira mvula walira matope. Khomo lotseguka limalowetsa mwini nyumba, limalowetsanso wopusa. Ndipo wopusayo kawiri konse ndinali ine.

Ulendo woyamba ndinali ndikuphunzira ntchito kwa madala ena omwe anatisiya kale. Kunabwera mayi wina wotayipira anthu makalata, atasenza kompyuta yomwe mwana wawo anawatumizira kuchokera ku America. Anangofuna kuti tiwalumikizire. Madala anali atatuluka. Ine ndinafuna kuonetsa kuti ndikutha. Ndinapeza nthambo, n'kulowetsa pakhoma, n'kuyatsa. Phuu! Utsi. Fungo lake ndimalimvabe mpaka lero. Kumbuyo kwa power supply kunali kaswitchi kofiira, kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina. Magetsi a m'nyumba ku America ndi a mavoliti 120. Athu kuno ndi a mavoliti 230. Kaswitchi kanali pa 115. Kukankha kamodzi ndi chikhadabo kukanapulumutsa zonse. Mayi aja sanakalipe. Anangokhala pansi pa benchi, n'kunena kuti, "Mwanangu, ndimafuna ndiyambe mawa, fizi ya ana ikudikira." Ndinagwira ntchito miyezi itatu osalandira kanthu. Madala atabwera anangondiuza mawu ochepa: "Mnyamata, maso ayambe, manja atsatire."

Maso ayambe, manja atsatire. Ma power supply ambiri atsopano amadzisinthira okha, koma akale okhala ndi kaswitchi kofiira akadalipo m'kaunjika. Musanalowetse pakhoma chinthu chilichonse chochokera kunja, werengani zolembedwa kumbuyo kwake.

Ulendo wachiwiri ndi umene umandichititsa manyazi kwambiri, chifukwa ndinali ndi shopu yangayanga ndiponso ana ophunzira kwa ine. Pali ma power supply ena omwe nthambo zake zimazuka, kuti mulumikize zokhazo zomwe mukufuna, m'bokosi musadzaze mawaya. Ndi nzeru yabwino. Sukulu ina inandiitana kuti ndisinthe power supply ya kompyuta yosungira zotsatira za mayeso a ana. Ndinabwera ndi yatsopano. Kunja kunali kukuda, minibasi yomaliza ikundidikira. Ndinati, bwanji ndivutike kuzula nthambo zakale pomwe zayalidwa kale bwino? Ndinangozilowetsa mu power supply yatsopano. Zinalowa bwinobwino, mpaka kulira kuti tcha. Nditayatsa, ma hard disk onse awiri anapsa nthawi imodzi.

Mverani chifukwa chake, kuti chisadzakuoneni. Mbali ya nthambo yolowa ku disiki kapena ku motherboard ili ndi muyeso womwe onse anagwirizana. Pa nthambo zamitundumitundu, waya wachikasu amanyamula mavoliti 12, wofiira 5, wa olenji 3.3, wakuda ndi wobwezera. Koma mbali yolowa mu power supply yeniyeniyo opanga sanagwirizane. Kampani iliyonse imayala mawaya mwa njira yake, ndipo nthawi zina mitundu iwiri ya kampani imodzi imasiyananso. Mapulagi amafanana maonekedwe, koma mavoliti 12 amakathera komwe kumayembekezeka 5. Disiki siipirira zimenezo ngakhale kamphindi.

Aphunzitsi anakhala masabata akulembanso malikisi kuchokera m'makope. Ena sanapezeke. Makolo anabwera kudzafunsa, ndipo aphunzitsi akulu anaima pamaso pawo kupepesa cholakwa chomwe sichinali chawo. Ine ndinagulitsa njinga yanga yamoto kuti ndibweze zomwe ndinawononga, koma dzina silibwezedwa ndi ndalama. Sukuluyo sinandiitanenso. Masukulu oyandikana nawo anamva. Zonsezi chifukwa cha mphindi khumi zomwe ndinafuna kupulumutsa. Kuthamanga sikufika.

Si chilichonse cholowa chomwe n'choyenera. Lembani mawu amenewa pamtima. Si chilichonse cholowa chomwe n'choyenera. Nthambo za power supply zikhale ndi power supply yake, m'jumbo yake, yolembedwa dzina lake. Mukasintha power supply, zulani nthambo zonse zakale, ngakhale kunja kude.

Ndipo chokana kulowa musachikakamize. Onani RAM. Kunsi kwake kuli timano tachikasu, ndipo pakati pa timanoto pali kampata ngati gwelu. Kampatako sikanaikidwe mwangozi. RAM ya DDR3 ya kompyuta ya pa tebulo ili ndi timano 240. Ya DDR4 ili ndi 288. Ya DDR5 ilinso ndi 288, koma kampata kali pena, dala, kuti isalowe pa malo a inzake, chifukwa zimadya magetsi osiyana. Ndaonapo anyamata amphamvu akukanikiza mpaka bolodi kusweka. Ndaonaponso wina atapala kampatako ndi mpeni kuti kakule. Wopanga akakuikirani chotchinga, ndiye kuti akukuuzani kanthu. Mverani. Pa malaputopu ena pamafunika DDR3L ya mavoliti 1.35, ya DDR3 wamba ya mavoliti 1.5 imalowa bwinobwino, koma laputopu osayaka. Madisiki ang'onoang'ono a SSD a mtundu wa M.2 nawonso ali ndi msampha wawo. Nambala 2280 imangotanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Sinena ngati ndi ya SATA kapena ya NVMe, ndipo mipata ina imalandira mtundu umodzi wokha. Pezani buku la motherboard yanu pa intaneti. Werengani musanatulutse ndalama. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa power supply musaumire. Achinyamata mumathira ndalama zonse pa pulosesa ndi pa khadi la zithunzi, chifukwa ndi zomwe mumanyadira kwa anzanu, kenako zotsala mumagulira power supply yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Chiwalo chimenechi chikafa moipa chimatenga ndi zinzake. Kuno magetsi amathima n'kubwera mosalonjera. Gulani choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo thumba likalola gulani UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akathima. Magetsi akathima, zulani mapulagi pakhoma. Ndikanachita zimenezo masana aja, bwenzi ndikumvabe mawu a amayi.

Bokosi la kompyuta tsegulani, koma bokosi la power supply musatsegule. Musatsegule. M'katimo muli tizipangizo tosunga magetsi ngakhale mutazula pakhoma, ndipo tikhoza kukuvulazani kwambiri. Musanagwire chilichonse m'kompyuta, zulani nthambo ya pakhoma, khudzani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke, ndipo ziwalo muzigwira m'mbali, osati pa timano. Fumbi la mwezi wa Okutobala limatseka mafani, pulosesa n'kumatentha mpaka kuzima yokha. Kupukuta fumbi ndi kusintha phala lopaka pakati pa pulosesa ndi choziziritsira chake kwadzutsa makompyuta ambiri omwe eni ake anali atawalira kale.

Sindifuna kukunamizani kuti otseka makompyuta alibe zifukwa. Ali nazo. RAM yowotcherera pafupi ndi pulosesa imathamanga ndipo sidya batire kwambiri. Laputopu yomatidwa imapepuka. Yotseguka nthawi zambiri imanenepa pang'ono, ndipo ina imadula. Komanso si aliyense wolonjeza ziwalo zosinthika amene amakwaniritsa. Google inayesa kupanga foni yomangidwa ndi tizidutswa tolumikiza, Project Ara, koma mu 2016 inaisiya isanafike pa msika. Choncho musagule lonjezo. Gulani chomwe masipeya ake mukuwaona ndi maso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Koma ena akuonetsa kuti zimatheka. Ku Amsterdam, kampani ya Fairphone inatulutsa mu 2015 foni yomwe mwini wake angasinthe yekha sikirini, kamera ndi batire. Ku San Francisco, Nirav Patel anayambitsa kampani ya Framework, ndipo mu 2021 inatulutsa laputopu yopyapyala yomwe imabwera ndi sikuludiraiva m'katoni momwemo. Ziwalo zake zili ndi zizindikiro za QR zokufikitsani ku malangizo a kasinthidwe kake. M'mbali mwake muli mipata inayi momwe mumalowetsa timakhadi ta polumikizira pomwe mukufuna, kaya USB kaya HDMI. Pulosesa ikakalamba mumagula motherboard yatsopano yokha, n'kuiika m'thupi lomwelo. A iFixit, omwe amaphwasula zipangizo n'kuzipatsa malikisi a kukonzeka kwake, anapatsa laputopuyo 10 pa 10. Nditamva zimenezi ndinatsegula dilowa yanga, ndinayang'ana kabolodi kaja nthawi yaitali. Ku France, mu Januwale 2021, lamulo linayamba kufuna kuti malaputopu ndi mafoni azigulitsidwa ndi malikisi osonyeza kuphweka kwa kuwakonza. Kuno wogulitsa sakuikirani malikisi oterowo. Malikisi muzipereka nokha, ndi maso anu, musanalipire.

Ndili ndi tchimo lina lomwe ndiyenera kuulula. Ndili mnyamata ndinauzapo anthu angapo kuti kompyuta yawo yatha, agule ina, pomwe vuto linali RAM imodzi yadzimbiri pa timano kapena disiki yotopa. Sindinkafuna kuwabera. Ndinali waulesi kufufuza, ndipo ndinkaona ngati kunena kuti "yatha" kukundionetsa wodziwa. Anthu aja anakatenga ngongole. Makompyuta awo anakathera kudzala. Mabungwe a United Nations anawerengera kuti mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zomwe zinalembedwa kuti zasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa mulu umenewo pali makompyuta omwe ndinaweruza ine asanafe. Zotayidwazo anthu ena amaziwotcha kuti apeze mawaya a kopa, ndipo utsi wake umalowa m'mapapo a ana.

Musaweruze msanga. Kompyuta ikakana kuyaka, zulani ziwalo chimodzichimodzi. Siyani RAM imodzi, yesani. Sinthani, yesaninso. Bwerekani power supply ya mnzanu, yesani. Khomo linaikidwa kuti muzitero. Kompyuta yochedwa ngati kamba, nthawi zambiri imangofuna SSD m'malo mwa hard disk yozungulira ija, ndi RAM yowonjezera. Mtengo wake sufika n'komwe pafupi ndi wa kompyuta yatsopano, koma mwini wake amaiona ngati yabadwanso. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna chipangizo cha chitetezo chotchedwa TPM 2.0 ndi pulosesa yosakalamba kwambiri. Makompyuta ambiri abwinobwino atsala kunja kwa mpanda. Musawataye. Ikanimo Linux, monga Linux Mint. Mwana wa sukulu adzalembapo, adzawerengapo, adzaphunzirapo kupanga mapulogalamu kwa zaka zina zingapo.

Ndipo ngati mukumanga yanuyanu kuchokera pansi, musaone lero lokha. Nkhanga zinapangana kusanapse. Funsani kuti malo olowa pulosesa pa motherboard imeneyi adzalandira mapulosesa a mawa kapena ayi. AMD inatulutsa malo otchedwa AM4 mu 2016, ndipo mapulosesa a Ryzen oyamba a 2017 ndi a Ryzen 5000 a 2020 onse amakhala pamenepo. Ma motherboard ambiri akale amalandira atsopanowo mukangowaikira BIOS yatsopano, pulogalamu yodzutsa bolodiyo. Yambani ndi pulosesa yomwe thumba lanu likutha. Ikani RAM imodzi, mpata wina udikire. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Musakongole chifukwa cha liwiro lomwe ntchito yanu silifuna.

Koma ngakhale kompyuta yanu itakhala ndi makomo khumi, koperani zinthu zanu kwina. Lero. Osati mawa. Disiki iliyonse idzafa, yozuka ndi yowotcherera yomwe. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Pa shopu yanga pali kompyuta ya pa tebulo yomwe bokosi lake ndi lalikulu msinkhu kuposa mwana wanga womaliza. Penti inasuluka m'makona. Motherboard yomwe ilimo ndi yachitatu. Power supply ndi yachiwiri, ndipo nthambo zake zotsala zili m'jumbo yolembedwa dzina, yomangiriridwa m'kati mwa bokosi momwemo. Mwezi wathawu mtsikana amene akuphunzira ntchito kwa ine anasintha yekha pulosesa. Anayamba wawerenga buku la motherboard, anakhudza chitsulo, anaona komwe kachizindikiro ka pangodya kaloza, kenako anaiika osakanikiza. Ine ndinaima kumbuyo kwake manja ali m'thumba. Itayaka anatembenuka n'kufunsa, "Bambo, yakaleyi tiitaye?" Ndinati ayi, pali sukulu ina ya mkaka yomwe ikufuna kompyuta ya mu ofesi, timangira pa imeneyi.

Loweruka lililonse ndisanatseke shopu ndimakopera zonse pa disiki ina yomwe imagona kunyumba. Chaka chatha ndinapita kumudzi kwa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu amayi, omwe tsopano maso awo saonanso bwino. Tinakhala pakhonde, ndinawapempha kuti anditchulire mayina a agogo, ndipo ndinajambula. Mawu awo ali malo atatu tsopano. Anakumbukira mayina asanu ndi limodzi. Amayi anga usiku uja anatchula oposa khumi.